Nyama tisunga ndife, nanga owerenga ndani?

Abale anga a ku Msoro, makolo athu ndi anzanga acinyamata, ndili ndi mafunso amene ndifuna muyankhe muli pomwepo, osafunsa munthu. Caka catha, ndi njati zingati zimene zinalembedwa pa quota ya alenje a safari m'dera lathu la Lupande? Akambuku angati? Mlendo amene anapha njati imodzi analipira zingati, ndipo pa ndalama imeneyo zinafika ku CRB yathu ndi zingati, mwezi uti? Ngati mwayankha zonse, muli pakati pa anthu ocepa maningi. Ambirife cimene tidziwa bwino ndi mwezi umene njovu ziyamba kulowa m'minda, ndi mizere ya cimanga imene zitha kudya usiku umodzi.

Ine ndikuti kuluza kwathu pa nkhani ya zacilengedwe kuyambira pamenepa. Masikauti tili nawo, anyamata ndi atsikana olimba mtima amene agona m'thengo masiku ambiri kucotsa mawaya. Koma colembera cili m'manja mwa ena. Owerenga nyama ndi ena, opima mitengo ndi ena, olemba mapangano ndi ena, ndipo owerenga ndalama ndi enanso. Ife tiitanidwa pomaliza kuti tisaine ndi kuomba m'manja. Mpaka Msoro adzakhale ndi ana ake amene anaphunzira kuwerenga cuma cimeneci ndi kutsutsa manambala a eni ofesi, boma lililonse limene lingabwere lizatipatsa cimene lafuna, pa nthawi imene lafuna.

Kuti muone kuti sindikamba za m'maloto, lekani ndikutengeni kutali pang'ono, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, kudera lochedwa Arctic. Kumeneko kuzizira kwakuti nyanja iuma pamwamba n'kukhala ayezi kwa miyezi yambiri, ndipo m'tauni ya Utqiaġvik ku Alaska, imene kale inali kuchedwa Barrow, dzuwa likhala miyezi iwiri osatuluka. Kulibe munda, kulibe nkhokwe. Eni dzikolo, a mtundu wa Iñupiat, akhala ndi moyo kamba kosaka nyama, makamaka nangumi wochedwa bowhead. Cinyama cimeneci cikhala m'nyanja, cipuma mpweya monga mvuu, ndipo cacikulu cilemera kuposa njovu khumi. Akapha cimodzi, mudzi wonse ugawana.

Mu 1977 bungwe la maiko loona za anangumi, International Whaling Commission, linalamula kuti a Iñupiat aleke kusaka. Cifukwa cake cinali manambala. Akatswiri a boma anali kuima m'mphepete mwa ayezi n'kuwerenga anangumi amene aoneka akamadutsa pa mpata wa madzi, ndipo anati otsala safika 2,000. Alenje acikulire anati iyai, mwaphonya. Anati nyamazi zidutsanso pansi pa ayezi, ziswa ayezi ndi mutu kuti zipume, ndipo zina ziyenda kutali kumene maso a munthu woima kumtunda safika. Mkulu wina dzina lake Harry Brower Sr. anali mmodzi wa amene anaumirira zimenezi. Poyamba mau awo anaoneka monga kudandaula kwa anthu ofuna ndiwo cabe.

Manje onani cimene anacita. Caka comweco anapanga bungwe lawo la alenje, Alaska Eskimo Whaling Commission. Atakangana, analoledwa anangumi 12 cabe mu 1978, ocepa kwambiri kwa midzi yonse. Sanathere pa kukwiya. Khonsolo yawo, North Slope Borough, inalemba nchito akatswiri akeake a sayansi, olipidwa ndi iwo eni, ndipo alenje ndiwo anali kuwauza kumene ayenera kuyang'ana. Anamiza makina omvera mau pansi pa madzi, n'kuyamba kumva anangumi amene maso sanali kuona. Zinatenga zaka zambiri, koma manambala anasonyeza kuti akuluakulu aja anali kunena zoona. Mu 1981 boma la America linasaina pangano lakuti bungwe la alenjelo lizidziyang'anira lokha pa kasakidwe. Kuwerenga kwa mu 2011 kunapeza anangumi oposa 16,000. Mpaka lero akali kusaka, ndipo nyamazo zinaculuka pa zaka zonsezo.

Mwaona pamene nkhani inatembenukira? Nzeru anali nazo kale. Cimene cinasintha n'cakuti nzeruzo zinalembedwa m'cinenero cimene eni ofesi sangakane, ca manambala, ndipo olemba anali anchito awo.

Kuno kwathu nyama zikuluzikulu ziwerengedwa ndi ndeke. Ndeke iuluka mizere m'nyengo yacilimwe, owerenga aona za kumanja ndi kumanzere, ndiyeno acita masamu kuti ayerekeze za dera lonse. Njira imeneyi si yoipa, ndipo pa njovu za pa dambo igwira nchito. Koma ndeke siona kambuku. Siona njati zimene zagona m'msitu wothithikana wa m'mbali mwa Lupande. Ndiponso siuluka mu February ndi March, pamene njovu zili m'minda yathu usiku. Agogo amene adziwa njira iliyonse ya njovu kucokera kumunsi kufika kuno, amene adziwa ciziwa cimene siciphwa ngakhale pa cilala, sanalembepo zimenezi m'buku lililonse. Pa pepala, CRB iyenera kukhala nawo pokonza quota pamodzi ndi a DNPW ndi eni makampani a safari. Koma kukhala pa tebulo ulibe manambala ako n'cimodzimodzi kupita ku depoti ya thonje ulibe sikelo. Zimene wakuuza wogula ndizo zimenezo.

Ku Canada, m'dera la Arctic lochedwa Nunavut, a mtundu wa Inuit anapita patsogolo kuposa apa. Pangano limene anasaina ndi boma mu 1993 linakhazikitsa bungwe loyang'anira nyama, ndipo pa mipando yake, inayi isankhidwa ndi mabungwe a Inuit, inayi ndi boma, kuwonjezera pa wakumpando. Zilolezo zophera zimbalangondo zoyera ziperekedwa ku midzi. Mudzi ndiwo usankha kuti zingati tisaka tokha, zingati tigulitsa kwa alendo, ndipo mlendo sapita kukasaka popanda woperekeza wa mtundu wa Inuit. Koleji yawo, Nunavut Arctic College, ili ndi maphunziro a zacilengedwe ophunzitsa ana a komweko nchito imeneyi. Sindinena kuti kumeneko kuli mtendere wokhawokha. Akangana ndithu ndi akatswiri pa nambala ya zimbalangondo, ndipo ayezi amene adalira akusungunuka kamba ka kutentha kwa dziko. Koma akakangana, akangana ali ndi mpando ndi mapepala awo.

Wina anganene kuti izo n'za maiko olemera. Ndiye tiyeni tibwerere kuno, cifukwa cigwa cathu cino ndico cinaphunzitsa ena. Ca m'ma 1950, Mfumu Yaikulu Nsefu inagwirizana ndi Norman Carr kupatula malo osungira nyama kuti ndalama za alendo zizipita kwa Akunda. Nthawi imeneyo maiko ambiri mu Africa anali asanaganizeko zotere. Ndiyeno kunabwera zaka zoipa. Kuwerenga kwa mu 1973 kunapeza njovu zoposa 80,000 m'cigwa ca Luangwa, koma zambiri zinatha ndi mfuti za ofuna minyanga, ndipo cipembere cinatheratu. Ndinena izi kuti wina asaganize kuti ndine mdani wa kusunga nyama. Tinaona ndi maso athu cimene cicitika nyama zikakhala za boma lakutali, zosapindulira munthu wa pamudzi.

Mu 1986 kunayamba LIRDP, ndi thandizo la dziko la Norway, limenenso kumpoto kwake kuli ku Arctic komweko. Makolo mukumbukira. Kuyambira 1996, pa K100 iliyonse ya nyama za m'Lupande imene inali kubwera kwa anthu, K80 inali kupita ku ma VAG, m'maufumu onse asanu ndi umodzi: Nsefu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Malama ndi Msoro. Anthu anali kukhala pansi pa mtengo, mndandanda wa nyama zimene zaphedwa uwerengedwa poyera, mtengo wa iliyonse uchulidwa, ndiyeno mudzi uvomerezana kuti zingati tigawana pa manja, zingati za cigayo, zingati za nyumba ya aphunzitsi kapena citsime. Panali zolakwa, inde, ndalama zina zinasowa m'manja mwa atsogoleri. Koma mayi wa pamudzi anali kudziwa mtengo wa njati. Lero mwana wa giredi 12 sadziwa. Pa nthawi yomweyo, pansi pa ADMADE, sukulu ya Nyamaluma imene ili m'Lupande mwathu muno inali kuphunzitsa masikauti a m'midzi kulemba zimene aona pa patrol, ndi kuphunzitsa osunga mabuku a ndalama. Anthu anali kucokera m'madera ena a Zambia kudzaphunzira kuno.

Zinatha bwanji? Pang'onopang'ono. Lamulo la nyama la 1998 linabweretsa ZAWA ndi ma CRB. Kagawidwe kamene takhala nako zaka zambiri n'kakuti pa K100 ya laisensi ya nyama, K45 ipita ku CRB ndipo K5 kwa amfumu. Ndalama inaleka kuwerengedwa pansi pa mtengo, inayamba kudzera ku likulu. Lamulo la 2015 linathetsa ZAWA, ndipo kuyambira 2016 DNPW inakhala dipatimenti ya boma, ndalama zake n'kumalowa m'thumba lalikulu la boma ku Lusaka. Zikalowa mmenemo, kutuluka n'kwa mwai. Mu 2019 ma CRB a dziko lonse anafika polengeza kuti acotsa siginecha zawo pa zilolezo zosakira cifukwa ndalama zawo sizinali kubwera. Masikauti anakhala miyezi osalandira. Mu 2013 boma linaletsa kusaka mikango ndi akambuku, pambuyo pake linatsegulanso. Mu 2022 boma linafafaniza matenda a malo osakira amene anali atakonzedwa kale. Kaya zifukwa zinali zabwino kaya zoipa, funso langa n'limodzi: ndani anabwera ku Msoro kudzakufunsani? Apa sindisankha cipani. Onse amene akhala pa mpando acita nafe cimodzimodzi, ndipo amene alipo manje ali ndi mphamvu yosintha zimenezi koma ife sitinaone.

Pamwamba pa izi, lamulo la Zambia sililipira munthu amene njovu yamudyera munda. Mayi wamasiye amene walima yekha, wagona pa citeteko miyezi itatu akuomba zitini ndi kutentha tsabola, njovu zikalowa usiku umodzi, cimene alandira ndi fomu yolembapo dzina. Koma mwana wake akapezeka ndi mwendo wa nswala, apita ku khoti. Ndiye ngati cilango ca nyama n'cathu ndipo njala ya nyama n'njathu, bwanji masamu a nyama akhala a ena?

Ife a Msoro tili ndi cifukwa cina cokhalira maso. Tili kumtunda kwa Lupande, kutali ndi geti la paki. Maloji ali ku Mfuwe, ndipo nchito za m'maloji zigwera kwambiri anzathu a kufupi ndi kumeneko. Cuma cathu cacikulu ndi mitengo, nthaka ndi madzi. Manje mitengo nayonso yalowa pa msika. Makampani a carbon agwirizana ndi maufumu angapo m'cigwa cino kuti anthu asadule nkhalango, ndipo mpweya umene mitengo yasunga ugulitsidwa kumaiko akunja. Lamulo la nkhalango la 2015 lilola midzi kupanga magulu oyang'anira nkhalango zawo, ndipo ici n'cinthu cabwino. Ndalama za carbon zamanga zinthu zooneka m'madera ena, sindikana. Koma ganizirani bwino malonda amenewa. Njati uona ndi maso. Thonje upima pa sikelo. Carbon sungaione, sungaigwire. Pafunika munthu wodziwa kupima thunthu la mupani, kucita masamu a matani, kuwerenga zithunzi za setilaiti, ndi kudziwa kuti tani imodzi yagulidwa madola angati ku Europe. Ngati pa njati imene tiona takhala tikulephera kutsata ndalama, nanga pa mpweya? Pangano lotere limanga nthaka zaka zambiri, ndipo amene azakhala nalo ndife acinyamata ndi ana athu. Amfumu athu sayenera kukhala okha pa tebulo lotere, moyang'anizana ndi maloya a kampani, popanda mwana wa kwawo wowerenga ndime iliyonse.

Ndiye maphunziro amene ndikamba ndi otani? Ndikamba za mwana wodziwa kuyenda mzere m'thengo ndi GPS n'kulemba nyama ndi mapazi ake mwa njira imene katswiri sangatsutse. Wodziwa kuika makamera pa mitengo kuti awerenge akambuku. Wodziwa kulemba munda uliwonse umene wadyedwa, kukula kwake, tsiku lake, kuti pakutha kwa caka tipite ku boma ndi buku m'malo mopita ndi misozi. Wodziwa akaunti, woti akaona lipoti la CRB adziwa pamene pabisika mbewa. Ndi mmodzi kapena awiri odziwa malamulo. Sukulu zake zilipo. Copperbelt University iphunzitsa za nyama zakuthengo ndi za nkhalango. Ku Mwekera, ku Kitwe, kuli koleji ya nkhalango. Ku Tanzania kuli Mweka, imene yaphunzitsa oyang'anira nyama a mu Africa kuyambira 1963. Ndipo Nyamaluma, imene ili pakhomo pathu, iyenera kuphunzitsa ana athu masamu a nyama ndi a ndalama, osati perete ndi mfuti cabe. Amene aganiza kuti mwana wa m'cigwa sangakwanitse, afunse za Thandiwe Mweetwa, amene anakulira ku Mfuwe n'kukhala katswiri wa mikango wodziwika dziko lonse lapansi.

Ndalama zicokera kuti? A Iñupiat anali ndi msonkho wa mafuta a pansi pa nthaka, ife tilibe. Koma sitili manja lende. CDF, imene inali K1.6 miliyoni, inafika K25.7 miliyoni mu 2022 ndi K36.1 miliyoni mu 2025, ndipo mkati mwake muli gawo la ma bursary. Boma linyadira manambala amenewa tsiku ndi tsiku pa wailesi. Cabwino, tawamva. Manje komiti ya CDF ya Malambo ionetse kuti pa ana amene yatumiza kusukulu, ndi angati aphunzira za nkhalango, nyama kapena akaunti. Kusoka, ukalipentala ndi kuyendetsa magalimoto n'zabwino, koma constituency imene cuma cake cacikulu ndi thengo singathe caka osatumizako ngakhale mwana mmodzi pa wadi kukaphunzira za thengolo. Ngati malamulo a bursary salola sukulu zimenezi, aphungu ndi makhansala apite akawasinthe, ndiyo nchito tinawatuma. CRB nayo, pa gawo lake la 35 peresenti la nchito za citukuko, ingapatule kangacepe ka maphunziro. Ndipo kampani iliyonse ya safari kapena ya carbon imene ifuna kusaina nafe, m'pangano mukhale ndime yophunzitsa ana a ufumu uno, osati mipira ndi mayunifomu a timu cabe.

Ndidziwa cimene ena muzanena: ati mukawaphunzitsa athawira ku Lusaka. Ena azathawa ndithu, ndipo ndi mseu wathu uja, umene mvula ikagwa n'kudzaza Lupande ticita monga tili pa cilumba, sindingawaweruze kwambiri. Koma mankhwala ake alipo. Wolandira bursary asaine kuti azagwira nchito kuno zaka zitatu, monga mmene boma licitira ndi ena amene liwaphunzitsa. Ndipo nchitoyo ikhalepo: CRB ilembe mwana wake wophunzira, amene malipiro ake acokera kwa ife, kuti akalankhula azilankhulira ife. Katswiri wolipidwa ndi kampani, ngakhale akhale wabwino mtima bwanji, lipoti lake lipita kwa womulipira.

Ena azati makolo athu anasunga thengo ili popanda dipuloma. Zoona, ndipo ndiye cifukwa cake nchito yoyamba ya ana amenewa ikhale kukhala pansi ndi agogo, kulemba njira za njovu, maina a madambo, mitengo imene sinali kudulidwa, miyezi imene anthu sanali kupha nsomba, akuluakuluwo akali moyo. Caka ciliconse tiika m'manda anthu odziwa zimenezi, ndipo ofesi imene izabwera kudzajambula mapu a dera lathu siizawafunsa kumanda.

Pali cimodzi cimene sicifuna ndalama ngakhale ngwee, ndipo tingayambe mwezi uno. Pa msonkhano wotsatira wa VAG yanu, imirirani mwaulemu, mupemphe kuti quota ya caka cino, mndandanda wa nyama zimene zaphedwa, mtengo wa iliyonse, ndalama zimene zalowa ndi tsiku limene zinalowa, zilembedwe m'Cinyanja n'kumatidwa pa khoma la sukulu, pa kiliniki ndi pa chalichi. Akakuuzani kuti mapepala ali ku Chipata kapena ku Chilanga, funsani dzina la ofesi ndi tsiku limene azabwera nawo, ndipo mlembi alembe yankho limenelo m'maminitsi inu muli pomwepo.